Tsiku Limene Ndinatsika mu Lole ya Amayi Ovina

Chaka chobadwa Paulo

Amene anayamba kundiuza kuti pa msika wa pa boma la Dedza pakufunika mayi wosesa anali Abiti Saidi, akazi awo a Che Mussa, telala uja ankasoka pakhonde la sitolo ya Mmwenye m'mbali mwa msewu waukulu. Ndayamba ndi dzina lawo dala, ana anga, chifukwa popanda iwo bwenzi nonse mutakulira ku Mphunzi, khasu lili m'manja, sukulu mukungoimva kwa anzanu. Anandipeza nditakhala kunja kwa mpanda wa msika ndi dengu la mbatata ya kachewere, Paulo ali kumsana, nkhungu ya mwezi wa Juni itameza phiri lonse. Bambo anu masiku amenewo ankacheka matabwa ku nkhalango ya paini ndipo kunyumba ankabwera kamodzi pa mwezi. Abiti ankagulitsa mandasi pafupi ndi geti, ndipo tinali titazolowerana pang'ono chifukwa chobwerekana mbaula.

"Inu odya mbewa," anatero, "dzina lanu mumatha kulemba?" Ndinati ndinalekezera Sitandade 5, kulemba ndimatha ndithu. "Ndiye mukuzizidwiranji pansi apa? Wosesa uja wakwatiwa, wapita ku Ntcheu. Thamangani kwa a Gondwe, akazi a amesenjala asanamve." Ndinafunsa kuti nanga mbatata yangayi ndisiyira ndani. "Siyani pomwepo, ndikugulitsirani. Mbatata si nkhumba, ndikhoza kuigwira."

A Gondwe anali oyang'anira msika, munthu wa ku mpoto, wamtali, wa jekete limodzi chaka chonse. Anandifunsa mafunso awiri okha: ngati ndimamwa mowa, ndi nthawi imene ndimadzuka. Nditayankha anandipatsa pepala kuti ndilembe dzina. Ndinalemba mosamala, Felesita Mbewe. Anati, "Mama, tsache ilo, wilibala iyo. Msika ukhale woyera anthu asanabwere, osati atabwera." Ndinathokoza Mulungu ndi Amayi Maria njira yonse yobwerera.

Tauni yathu inali ya msewu umodzi: maofesi a boma, polisi, chipatala, tchalitchi, mzikiti, ndi mzere wa masitolo a Amwenye. Koma wosesa amaidziwa tauni kuposa wokhala mu ofesi, chifukwa zinyalala sizinama. Pamene ndinkasesa masamba a kabichi ndi makoko a nyemba ndinkadziwa kuti panakhala Achewa anzanga a kumidzi. Pamene panali dothi lofiira la mbatata panakhala Angoni a cha ku Bembeke. Mamba a nsomba zouma, tizidutswa ta malata ndi ta nsalu zinali za Ayao, amene ankakwera chitunda kuchokera kumunsi ndi mitolo yawo. Ena ankachokera tsidya lina la malire, poti kwathu kuno Mozambique ndi kungodumpha msewu. Ng'ombe ya pa msika ankazinga ndi Shehe, kuti Msilamu ndi Mkhristu agule pa tebulo limodzi, ndipo palibe amene ankaona chachilendo. Tinkanyozana, tinkabwerekana mchere, tinkayenderana pa maliro.

Zaka za makhadi, Amwenye atachoka

Kenaka zinthu zinayamba kuuma. Pa geti panayamba kuima anyamata a chipani ndi ndodo zawo, kufunsa khadi munthu asanalowe kukagula ngakhale tomato. Ndinaona agogo akubwezedwa ndi nkhuku yawo kukhwapa. Ine khadi ndinali nalo, ndinkalisunga m'kansalu pamodzi ndi korona, ndipo sindinatsegule pakamwa. Ndikunena izi kuti musaganize kuti mayi anu anabadwa olimba mtima. Ndinali wamantha ngati wina aliyense.

Lamulo litabwera lakuti Amwenye achoke m'matauni aang'ono akakhale m'mizinda ikuluikulu, masitolo aja anatsekedwa imodzi imodzi. Amene anawatenga anayesetsa, koma m'mashelefu munkakhala sopo ndi machesi basi. Shuga ankasowa, palafini ankasowa, nsalu yabwino tinkangoilota. Che Mussa anataya khonde lawo, ndipo a Gondwe anawapatsa kamalo m'kati mwa msika, pansi pa denga la malata, pamene anaikapo makina awo. M'zaka zomwezo a Gondwe anandikweza. Anandipatsa makiyi awiri, wa geti ndi wa mpopi wa msika, chifukwa ndinkafika poyamba ndi kuchoka pomaliza. Anandipatsanso kanyumba ka ntchito ka zipinda ziwiri kuseri kwa msika, kamene Agnesi ndi Paulo mukukakumbukira bwino. Madzi a mpopi umenewo ankachokera ku phiri, ndipo sankauma ngakhale mipopi ina yonse itauma.

Bambo anu anatisiya Tereza ali ndi zaka zitatu, mtengo utawagwera ku nkhalango. Maliro tinakaika kwathu ku Mphunzi. Abiti anayenda ulendo wonsewo wapansi, nakhala nane pa siwa masiku atatu. Chakudya cha pamaliro sanadye, poti sankadziwa amene anazinga mbuzi. Ankangotafuna chinangwa chimene anabwera nacho. Azilamu anga ankanong'onezana kuti kodi Myao uyu ndi m'bale wa ndani. Abiti anawamva, nati, "Ndine m'bale wa mbaula. Funsani mwini wake."

Pasanapite nthawi a Gondwe anawasamutsa mosatsanzika. Tinangopeza pa mpando wawo pakhala a Kachingwe, munthu wofatsa koma woopa ngakhale chithunzithunzi chake. Galimoto ya chipani ikaima panja, ankaimirira m'kati mwa ofesi ngakhale palibe amene walowa.

Chaka cha othawa nkhondo

Nkhondo ya ku Mozambique itakula, anthu anayamba kudzaza tauni yathu. Ankabwera ndi mphasa, mapoto ndi ana, ena ndi mbuzi imodzi pachingwe. Chinyanja chawo chinali chathu chomwechi, kungoti chothira mawu a Chipwitikizi. Msika unachepa. Pa mpopi pankakhala mzere kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, ndipo ine ndinasanduka woweruza milandu ya ndowa. Ena a kwathu ankadandaula kuti alendo akutsitsa mitengo ya zinthu, koma omwewo ndi amene ankawalemba ganyu m'madimba mwawo. Chifukwa cha nkhondo yomweyo katundu ankachedwa kufika m'dziko, ndipo kusowa kwa zinthu kunafika posauzana.

M'chaka chimenecho Tereza ankaphunzira katekisimu kuti alandire Ukaristia woyamba. Bafuta woyera sankapezeka m'sitolo iliyonse ya pa boma. Mlongo wanga wa ku Blantyre ndiye ananditumizira pa basi, atamukulunga m'pepala la khaki. Tereza ankamununkhiza tsiku lililonse. Pomaliza ndinakamusiya kwa Che Mussa kuti asoke diresi, ndipo anamuyeza mwanayo ndi tepi yawo uku akumuseka kuti akhala ngati mkwatibwi. Nthawi imeneyi n'kuti Abiti atayamba kale kudwala chifuwa. Mandasi anali atasiya. Ndikaweruka ndinkadzera kwawo cha ku mzikiti kukawatungira madzi ndi kuwasisita msana.

Mwezi wa Okutobala, chaka chomwecho

Masiku amenewo mtsogoleri wa dziko akakhala ndi msonkhano, amayi ankatengedwa pa malole kukavina. Sankafunsa ngati uli ndi khanda kapena wodwala m'nyumba. Ulendo uwu gule anali ku Lilongwe, wa masiku angapo. Lole yoyamba inanyamuka Lachitatu ndi amayi a mbali ya ku mzikiti. Yachiwiri, ya ife a pa msika, inali ya Lachisanu m'mawa. A Kachingwe anandiuza kuti ndikhome geti ndi mpopi, pasatseguke kanthu kufikira titabwerako. Wotitsogolera anali mayi tcheya wa amayi a chipani, a Nachisale, amene anali ndi benchi ya nyemba pa msika pomwepo. Tonse tinavala nsalu ija ya nkhope ya mtsogoleri.

Ndinali nditakwera kale, makiyi ali pachingwe m'khosi, injini ikulira, pamene ndinaona Che Mussa akubwera chothamanga, nkhalamba ija, opanda ngakhale chisoti chawo kumutu. Anagwira m'mbali mwa lole.

"Amake Paulo, mnzanu uja watisiya m'mawa uno."

Ndinalira mokweza. Kenaka ndinayankhula monga Mkatolika wa ku Mphunzi, wozolowera kuti maliro amadikira abale. "Che Mussa, tibwera Lamlungu. Ndidzafika pa siwa, musaike ndisanabwere."

"Ife sitigoneka maliro, mayi. Tiika lero, ikatha swala, pemphero lathu la masana. Koma mpaka pano sanasambe. Mpopi wa kwathu unauma sabata yatha. Amayi onse, ndi mwana wathu Mariamu yemwe, anapita ndi lole ya dzana. Kwatsala Abiti Ali okha, azakhali awo aja, ndipo simukuwadziwa? Ngakhale kapu ya tiyi imawagwa. Ife amuna m'chipindamo sitilowa."

Ndisabise, ana anga. Choyamba chimene ndinaganiza chinali kuvula chingwe chija m'khosi ndi kuwaponyera makiyi, amuna akatunge okha, ine ndipite kukavina. Dzanja linafika kale pakhosi. Koma madzi akanafika pakhomo basi. Nanga womutembenuza mnzanga, womugwira mutu, akanakhala ndani? Ndinaimirira.

"Nambewe, khalani pansi," anatero mayi tcheya. "Wakufa wafa. Sathawa."

"Pepani mayi, nditsika."

"Mwati chiyani?"

"Ndati nditsika. Gule uyu ali ndi miyendo yambiri lero. Maliro aja alibe manja."

Mayi tcheya anati, "Wotsika muno aiwale geti la msika. Nyumba ija muli ndi ya boma, si ya amuna anu. Muli ndi ana atatu, Nambewe, ganizani bwino." Anakuwira dalaivala kuti ayendetse. Koma dalaivala uja, Mngoni wina wa ndevu amene dzina lake sindinalidziwe mpaka lero, anazimitsa injini, natsika, nayamba kumenyamenya tayala lakutsogolo ndi sipanala, akuti likumveka ngati laphwa. Ambuye amudalitse kulikonse kumene ali. Mnyamata wa ndodo amene anaima kumbuyo anandiyang'ana, ine ndinamuyang'ananso. Ndinati, "Mwanawe, amayi ako ndimawatungitsa madzi tsiku ndi tsiku. Patuka." Anapatuka.

Ndinatsegula geti, ndinatsegula mpopi. Amayi awiri othawa nkhondo, amene sanatengedwe ku gule chifukwa analibe makhadi, anabwera ndi ndowa zawo osafunsidwa. Apa ndi pamene ndinachita chinthu chimene chikanandipititsa kundende. Mkazi aliyense akafuna kusenza amagwira nsalu imene ili pafupi, n'kuipinda nkhata. Ine m'kati ndinali ndi diresi langa la ntchito, choncho ndinangomasula nsalu ya m'chiuno, ndinaipinda, ndinaika pamutu, ndowa pamwamba. Sindinaganize n'komwe kuti ndi nsalu iti. Ndinadutsa msewu waukulu katatu, madzi akudontha pa nkhope ya mtsogoleri, lole ija isananyamuke, amayi onse akuona.

Pakhomo tinapeza amuna atakhala pa mphasa. Shehe anandiyang'ana, nayang'ana korona amene anatulukira pakhosi langa. Ndinati, "Shehe, ine ndine wa tchalitchi, mwambo wanu sindiudziwa. Ngati n'kosaloleka, ndingotunga madzi." Anati, "Madzi athire ndi Abiti Ali, mawu anene ndi iwowo. Inu mukhale manja awo. Mulungu waona kuti tasowa." Tinalowa. Gogo uja ankandiuza chilichonse: kuti thupi lisavundukulidwe, tisambitse pansi pa nsalu, kuti tiyambe mbali ya kumanja, kuti tsitsi tililuke patatu. Iwo ankanena mapemphero awo, ine anga ndinkanena chamumtima. Abiti Saidi anali atapepuka ngati mwana. Ndinawauza kuti, "Mnzanga, wodya mbewa uja ndi amene wabwera."

Titamaliza, nsalu yoyera yokulungira maliro, imene iwo amati sanda, inaperewera. Amuna anali atasonkhanitsa zidutswa m'nyumba zawo, koma yaikulu yokuta thupi lonse panalibe, ndipo masitolo anali otseka. Ndinatuluka, ndinapeza Che Mussa atakhala pafupi ndi bokosi lawo la nsalu za makasitomala. Pamwamba penipeni panali pepala la khaki lija. Ankalidziwa, ine ndinkalidziwa, koma sakanapempha ngakhale dzuwa likanalowa.

"Che Mussa, tengani bafuta uyo."

"Ayi, amake Paulo. Ndi wa mwana."

"Mwanayo ali moyo, adikira. Awa sadikira, mwanena nokha."

Abiti Saidi anawanyamula pa jeneza, chonyamulira maliro chawo, ikatha swala ya masana, monga mwa mwambo wawo. Ife akazi tinatsala pakhomo, ine ndi gogo uja ndi amayi awiri a ku Mozambique, anthu anayi a zinenero ziwiri, kulira maliro amodzi.

Sabata yotsatira

Lolemba anandiitana ku ofesi. Munali a Kachingwe, mayi tcheya, ndi bambo wina wa chipani wochokera ku boma. Nsalu ija anali ataiyala pa tebulo, makwinya a nkhata akuonekabe. Bambo uja anafunsa ngati ndikudziwa kumene amapita anthu onyoza nkhope imeneyi. Ndinati ndikudziwa, ndipo pa nkhani ya nsaluyo ndinapepesa ndi mtima wonse, chifukwa sindinachite dala. Kenaka mayi tcheya anati pali njira yoti zonse zithe. Ndikagwade pa msonkhano wa amayi, ndikanene kuti Asilamu ndi amene anandinyengerera kuti nditsike ndi kutsegula msika. Ndikatero ntchito ndi nyumba zikhala zanga.

Ndinadziwa tanthauzo lake. Makina a Che Mussa akanaponyedwa kunja kwa mpanda tsiku lomwelo, mwina iwo eni akanatengedwa. Pakamwa panatseguka pokha.

"Kugwada ndimagwada, mayi, Lamlungu lililonse. Koma bodza limenelo sindinena. Palibe anandinyengerera. Ndinatsika ndi miyendo yanga, ndinatsegula ndi kiyi wanga."

"Kiyi wanu? Ndi wa boma!"

"Ndiye tengani. Koma a Nachisale, tsiku lina mudzagona chagada inunso. Mudzafuna kuti okusambitsani akhale ku gule?"

Mayi tcheya anaimirira, bambo uja anamenya tebulo. Apa a Kachingwe, munthu wamantha uja, anachita chimene sindinayembekezere. Anatsokomola, nati iwo analemba kale lipoti: nsalu inanyowa pa ntchito ya madzi, ndipo wantchito wosamvera alangidwe ndi ofesi yake pomusamutsa. Anaonetsa pepala lodinda kale chidindo. Thukuta linali litanyowetsa kolala yawo yonse. Bambo uja anawerenga, nati bola nkhope yanga isaonekenso pa msika wa pa boma.

Ndinavula chingwe cha makiyi, ndinaika pa tebulo. Anandipatsa masiku atatu kuti ndituluke m'nyumba. Ananditumiza ku Chimbiya, kukasesa m'mbali mwa msewu ndi kutsuka zimbudzi za pa msika, ntchito ya munthu woyamba kumene. Tinapeza kachipinda kamodzi kofolera ndi udzu. Paulo anatsala pa boma kuti amalize sukulu, ndipo anagona kwa Che Mussa zaka ziwiri, osadyako nkhumba koma osagonapo ndi njala. Ku Chimbiya ndinakhala mpaka tsiku lopuma ntchito, pakati pa fumbi la mabasi ndi amayi a tomato, ndipo kumenekonso ndinapeza anthu abwino. Zinthu zitasintha m'dziko anandiuza kuti ndikhoza kulemba kalata yopempha kubwerera pa boma. Ndinakana. Kupempha n'kwa munthu amene analakwa.

Tereza, mwana wanga, gawo ili ndalembera iwe makamaka. Unalandira Ukaristia woyamba utavala bulauzi ya sukulu ya Agnesi, yopindidwa manja, anzako onse ali m'madiresi oyera. Unalira kuseri kwa tchalitchi, ndipo mwezi wathunthu sunandiyankhule bwino. Ndinakuuza kuti bafuta anatayika posamuka, poopa kuti pakamwa pa mwana pangatulutse nkhani pamalo olakwika. Limenelo ndi bodza limodzi limene ndinanena pa nkhani yonseyi, ndipo ndinalinena kwa iwe. Undikhululukire. Diresi lako lili m'manda a Asilamu pa Dedza, ndipo tsiku lija litabweranso ndikanaperekanso.

Che Mussa anatsatira akazi awo patapita zaka zochepa. Ana awo awiri, Saidi ndi Mariamu, alipo. Saidi amasokabe pa makina omwe aja. Inu ana anga ndi adzukulu, mukamadutsa pa boma musamapitirire ngati alendo. Imani, muwapatse moni, ndi abale anu. Ndipo inu nonse amene mudzawerenge izi, kaya mumapemphera Lachisanu kaya Lamlungu, mukumbukire banja la Abiti Saidi ndi banja la ine Felesita Nambewe. Musatitchule padera. Mutitchule pamodzi.